Mayi Amene Anakana Kupha Ndaziona

Loweruka lapitali tinakumana aphunzitsi a Chichewa a m'zoni yathu, monga timachitira mwezi ndi mwezi, ndipo wina anatikumbutsa kuti chaka chakwana chimwalirireni Mayi Velina Kachiwanda. Chaka! Ine ndinachita kuwerenga miyezi pa zala ngati mwana wa Sitandade 1, chifukwa m'makutu mwangamu mawu awo akadali a dzulodzulo. Anzanga anati ndilembe kanthu, poti ndinaphunzitsa nawo sukulu imodzi nthawi yaitali. Ndavomera, koma ndineneretu: musayembekezere zija timawerenga pamaliro, zoti malemuwa anali ofatsa, osayambana ndi munthu. Bodza limenelo likhoza kuwadzutsa m'manda. Mayi Kachiwanda anakanganapo ndi aliyense amene ndimamudziwa, ndi ine ndemwe, ndipo kawirikawiri olakwa tinkakhala ife.

Mkangano wawo waukulu unali wa mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Mtsikanayu sanabadwe kwa mayi aliyense. Anali wa m'buku limene iwo analembera ana a sekondale. Akuluakulu a kwathu ankafuna kuti afe pa tsamba lomaliza. Iwo anakana, ndipo ntchito yawo, nyumba yawo, ndi malo awo mu mpingo zinatsala pang'ono kupita. Ndifika kumeneko. Muyambe mwawaona kaye munthuyo.

Anali aafupi, oonda, oyenda mwachangu ngati pali chimene chikupsa kumene akupitako. Sukulu yathu ili m'mapiri, kumene Dowa akupatsirana moni ndi Ntchisi, ndipo kukazizira kumeneko choko chimachita kugwa m'manja. Iwo anali ndi juzi imodzi yobiriwira imene ana ankati inabwera limodzi ndi maziko a sukulu. Paphewa pawo pankakhala thumba la feteleza, lochapidwa bwino mpaka zilembo zinafufutika, ndipo m'menemo munali mabuku. Tsiku lina pa Mponela kondakitala wa minibasi anafuna kuliponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Anamulanda. Anamuuza kuti kumbuyoko aziikako chimanga, koma awa ndi anthu, akhala pamiyendo. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa.

Za thumbalo anali ndi lamulo limene ambiri tinkaliona ngati lopotoka. Ife tikabwereketsa buku timafuna libwerere msanga, lili loyera. Iwo thumba likabwerera kunyumba lili lodzaza ankakwiya tsiku lonse. Ankati buku lokhala m'thumba ndi maliro, buku lamoyo ndi limene lili m'manja mwa mwana, lothothoka chikuto, lonunkha utsi wa kukhitchini. Tsiku labwino kwa iwo linali limene abwerera thumba likungopepeluka ndi mphepo.

Ankakonda kunena kuti dziko lino lili ndi mabuku a tiana tophunzira a, e, i, o, u, lilinso ndi mabuku a akuluakulu, a nyimbo ndi a malangizo a ulimi, koma mwana wa Fomu 2 palibe amene amamulembera. Ana a msinkhu umenewo ankawatchula kuti anthu a pakati. Ankafotokoza kuti munthu wa pakati akalira timamuuza kuti wakula, akalankhula timamuuza kuti akadali mwana, ndiye amangokhala duu, nkhani zake n'kumakambirana ndi anzake kuseri kwa chimbudzi. Anthu amenewa ndi amene iwo anawasankha, ndipo sanawasiye mpaka kumanda.

Ine ndinayamba kulimbana nawo pa nkhani ya chilankhulo. Anali ndi kakope kamene ankalembamo mawu achinyamata amene amva pabwalo la mpira kapena pamjigo, ena oti ine sindingawatchule pamaso pa apongozi. Nditaona mawu amenewo m'nkhani zawo ndinawauza kuti akuononga Chichewa. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"A Phiri, Chichewa si mbale ya alendo yoti izikhala m'kabati. Musiyeni mwana adyeremo. Ikakanduka ndiye kuti ikugwira ntchito."

Ndinakwiya sabata yathunthu. Kenako ndinagula kakope kanga.

Misonkhano ya Loweruka imene ndatchula ija anayambitsa ndi iwo, m'chipinda chimodzi cha pa likulu la aphunzitsi la zoni yathu. Poyamba ankakhala okha ndi thumba lawo, chifukwa aphunzitsi atamva kuti kulibe alawansi anayamba kudwala malungo Loweruka lililonse. Sanagwe mphwayi. Ankakwera phiri wapansi, kupita ku sukulu iliyonse, kulowa m'kalasi ya mnzawo popanda kuitanidwa n'kukhala kumbuyo. Akatuluka ankamuuza mwini kalasi poyera zimene aona. Zambiri zinali zowawa. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi mphunzitsi wolembetsa ana manotsi a buku limene anawo sanaligwirepo. Ankati kumeneko n'kudya mango wekha kenako n'kumafotokozera mwana kukoma kwake, uku ukumuuza kuti adzalemba mayeso a mango.

Anthu anayamba kubwera, ena chifukwa cha manyazi, ena kuti Mayiwo asawapezenso m'kalasi. Pamsonkhano aliyense ankawerenga tsamba limodzi mokweza. Mnzathu wina, bambo wamkulu ndithu, anawerenga chigawo choseketsa ndi mawu a pansi, onyong'onya. Mayi Kachiwanda anamudikira amalize, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani aphunzitsi, wamwalira ndani?" Tinaseka mpaka misozi, mwiniwakenso anaseka, ndipo lero ndi amene ana a sukulu yake amathamangira akamva kuti awerenga. Mphunzitsi watsopano akatumizidwa kuno kumapiri, asanapeze nyumba, ankafikira kwa iwo. Ankamupatsa mphasa, bulangete, ndi buku, ndipo m'mawa ankamufunsa za bukulo asanamufunse ngati wagona bwino. Mphunzitsi wina wa ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, amene Chichewa anachiphunzirira pamsika, ankabwera pa njinga ndi ana ake a kalabu yowerenga. Mayi ankamuika kutsogolo dala, n'kumatiuza eni chilankhulofe kuti tichite manyazi.

Nthawi yomaliza imene ndinawaona anali m'chipatala pa Boma, atafooka, mawu akutuluka movutikira. Ndinaganiza kuti andiuza za kumwamba. Ayi ndithu. Anandilozera chikwangwani cha pakhoma chimene wina analemba mawu awiri molumikiza pamene anayenera kuwalekanitsa, n'kundipempha cholembera. Sindinawapatse, ndipo ndimadandaula mpaka lero. Anamwalira patapita masiku ochepa, mvula yoyamba itangogwa.

Tsopano za Ndaziona.

Sukulu yathu mabenchi ndi ochepa, ana amakhala othinana ngati machesi. Komabe mwana akasiya sukulu, Mayi Kachiwanda sankalola wina kukhala pamalo pake. Wina akasendera pamenepo ankangoti, "Malo amenewo ali ndi mwini wake," ndipo mwanayo ankabwerera kumene anali. M'kaundula, ahedi ankadula dzina la wosiya sukulu ndi cholembera chofiira. Iwo m'kaundula wa kalasi yawo sankadula. Ankatenga pensulo n'kulemba pambali pa dzinalo mawu amodzi: akubwera. Ambiri mwa mayina amenewo anali a atsikana, ndipo ankachuluka nyengo yogulitsa fodya, pamene timabambo tina timayamba kuoneka ngati anthu chifukwa cha njinga yamoto yatsopano. Lamulo la boma linali litalola kale kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Koma lamulo linathera pa pepala. Kumudzi aliyense ankadziwa kuti wapita wapita.

Buku lawo loyamba linachokera pa benchi pamenepo, ndipo analitcha Malo a Ndaziona. Ndaziona ndi mtsikana wa Fomu 2, katswiri wa masamu, wa pakamwa pang'ono. Venda wa fodya amunamiza, amukana, iye asiya sukulu. Abereka. Avutika, anyozedwa pachitsime, alira. Kenako tsiku lina m'mawa asiya mwana kwa amayi ake, avala yunifolomu imene yayamba kumuthina, alowa m'kalasi, ndipo mnzake achotsa chikwama pa benchi pamene ankamusungira malo. Bukulo limathera pomwepo. Analitayipa okha pa makina akale a sukulu, n'kulichulukitsa ndi sitensulo, manja onse bii ndi inki. Ana ankalimbirana. Ena ankalikopera m'makope awo mawu ndi mawu kuti akawerengere azichemwali awo kumudzi, ndipo ndi mmene linafikira m'makutu a akuluakulu.

Muyenera kudziwa kuti ife tinakulira pa nkhani zimene mtsikana wolakwa njira amathera kumanda. Ndiye linali phunzirolo. Mphunzitsi akafunsa kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani, ana onse ankayankha limodzi ngati akuimba. Nkhani yoti wolakwa adzuke, asase fumbi, akhalenso pa benchi, inaoneka ngati yopanda mutu, mwinanso yoopsa.

Sukulu yathu ili pa malo a mpingo, ndipo wapampando wa komiti nthawi imeneyo anali a Yosofati, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, amene ali mnyamata anaphunzitsako ku pulayimale. Anali munthu woongoka ngati mlongoti, wosaseka wamba, wodziwa Chichewa chakuya kotero kuti akamawerenga mawu m'tchalitchi ngakhale makanda ankakhala chete. Anaitanitsa msonkhano. Zimene komiti inakonza zinamveka msanga: Madamu asinthe mapeto a bukulo. Akakana, mabuku onse atoleredwe, kalata ipite ku ofesi ya maphunziro yopempha kuti asamutsidwe, ndipo nkhani ikalowe ku bwalo la akulu a mpingo kuti awaimitse mgonero. Mayi Kachiwanda anali amasiye, nyumba imene ankakhala inali ya sukulu, ndipo manda a amuna awo anali pomwepo kuseri kwa tchalitchi.

Apa ndiulule tchimo langa. M'mawa wa tsiku la msonkhano ndinawapeza akufufuta bolodi, ndipo ndinawanong'oneza kuti, "Mayi, ingomuphani. Ndi wa papepala ameneyu. Mutaye zonse chifukwa cha munthu woti kulibe?"

Sanatembenuke n'komwe.

"A Phiri, wa papepalayo amawerengedwa ndi amoyo. Ndikamupha, mtsikana amene ali kumudzi pano ndi khanda kumsana amva kuti Madamu nawonso anena kuti zake zatha. Pitani mukakonze mipando."

Ndinapita kukakonza mipando, chifukwa wolemba maminitsi ndinali ine. Tinakhala m'chipinda cha aphunzitsi dzuwa litapendeka pang'ono: a Yosofati, ahedi, abambo ena atatu, mayi mmodzi wa komiti, ine ndi kope langa, ndi Mayi Kachiwanda ndi thumba lawo pamiyendo. Atapemphera, a Yosofati anayamba mofatsa.

"Madamu, ife sitikukana kuti mumalemba bwino. Koma mwana wochimwa mwamupatsa mphoto. Ana athu aziti, kani ukachita zoterezi umabwerera kusukulu osaona kanthu? Phunziro lili pati pamenepa?"

"Osaona kanthu, bambo? Mwawerenga zimene waona?"

"Ndamva kwa amene awerenga."

"Ndiye mukufuna atani?"

"Alandire malipiro a tchimo lake."

"Afe?"

Wina anatsokomola. A Yosofati anati, "Nkhani zotere zimatha choncho."

Ndinkayembekeza kuti Mayi aphulika, chifukwa ndinawaonapo akuphulika pa zinthu zazing'ono kuposa zimenezi. Sanatero. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa buku limodzi, nalitsegula pa tsamba lomaliza. Kenako anadzuka, napita pamene panali ahedi, nasolola cholembera chofiira m'thumba la malaya awo, chomwe chija chodulira mayina. Anachiika pamwamba pa bukulo patsogolo pa a Yosofati.

"Chabwino. Ine dzanja langa lakana. Nachi cholembera, mumuphe ndinu. Musankhe bwino. Afere pa ngolo popita kuchipatala, kapena amwe mankhwala a makoswe, kapena akapezeke m'chitsime. Zonsezi zachitikapo m'midzi yathu ino, simusowa poonera. Zimene mulembezo ine nditayipa osasintha ngakhale kadontho. Ndikupempha chimodzi chokha: amene alembeyo abwere yekha adzawerengere ana a Fomu 2, akuwayang'ana m'maso."

Cholembera chinakhala pa tebulo paja ngati njoka. Mayi wa komiti uja anaweramitsa mutu n'kuyamba kupota nsonga ya chitenje. Abambo atatu aja anapeza mwadzidzidzi kuti kudenga kuli zinthu zoyenera kuziyang'ana. Ine m'maminitsi sindinalembe kanthu. Koma a Yosofati sanali munthu wamantha, ndipo amene anaganiza kuti achita manyazi sankawadziwa. Anatola cholembera, natola buku, naziika m'thumba la jekete.

"Ndipatseni sabata imodzi," anatero, ndipo anatseka ndi pemphero.

Ine ndinati basi, Ndaziona wapita, ndipo Mayi adzikola okha ndi msampha wawo. Sabata imeneyo anaphunzitsa monga mwa masiku onse, kuseka, kukalipa, kulanda ana chingamu. Koma Lachinayi ndinawaona akuchokera kugolosale atanyamula makatoni opanda kanthu. Atandiona anawabisa kumbuyo ngati mwana wakuba shuga. Patapita zaka anandiuza kuti anali atatsimikiza kuti a Yosofati akalembadi imfayo, iwo atayipa monga analonjezera, koma dzina lawo alichotsa pachikuto, ndipo anyamuka okha kalata isanabwere. Anati sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Ndikunena izi kuti musaganize kuti anali mwala. Ankaopa ngati ife tomwe, kungoti mantha awo sankawapatsa cholembera.

Tsiku litakwana tinakhalanso m'chipinda chomwecho. A Yosofati anafika atavala jekete ya Lamulungu. Anaika buku pa tebulo, ndipo ngakhale ndinali patali ndinaona kuti m'kati muli inki yofiira.

"Ndaliwerenga katatu," anatero. "Ndapezamo cholakwa chachikulu, ndipo ndadabwa kuti chachokera kwa mphunzitsi wa Chichewa."

Anatsegula, naloza ndi chala.

"Apa mwalemba kuti Ndaziona anali ndi mimba. Apanso. Apanso. Madamu, mimba ndi ya mbuzi. Mwana wa munthu amakhala ndi pakati."

Anali atadula mawu amenewo paliponse pamene anawapeza, n'kulemba pamwamba pake ndi zilembo zawo zoongoka zija: pakati, pakati, pakati. Anatembenuza masamba pang'onopang'ono kuti tonse tione, mpaka anafika tsamba lomaliza. Linali loyera. Palibe chimene anadulapo, palibe chimene anawonjezera.

Ahedi ndi amene anafunsa. "Nanga mapeto, bambo?"

A Yosofati anavula magalasi.

"Ndinakhala pansi kuti ndimuphe. Sindinama, ndinakhaladi, osati kamodzi. Koma ndinati ndiyambe ndakonza Chichewachi, chifukwa sindingaike dzanja langa m'buku lolaula. Ndiye ndalemba mawu amenewa kambirimbiri, mpaka ndinayamba kuwamva. Makolo athu sanali opusa. Ena amati n'chifukwa choti mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa, inde. Koma pakati ndi pakati basi. Si kumapeto. Munthu amene ali pakati pa ulendo sumutsekera chitseko."

Anabwezera ahedi cholembera chawo.

Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa Mayi Kachiwanda, tsiku limenelo lokha ndi limene ndinawaona akuvomera kugonja. Iwo amene anakhala akutiimbira nyimbo ya anthu a pakati, anthu a pakati, sanaone kuti mawu awo omwe anali atagona m'nkhani yawo, kudikira kuti mdani wawo awadzutse. Anaimirira, napinda maondo pang'ono, nawomba m'manja mofatsa monga achitira mkazi wa kwathu polandira chinthu kwa wamkulu.

"Pamenepo mwandiphunzitsa, bambo."

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ndiye kuti simunawadziwe. Asanakhale n'komwe pansi anatsegula buku pa tsamba lina.

"Koma apa pokha musiye. Apa akulankhula ndi venda uja, akuti mimbayo si yanga. Iyeyu sanganene kuti pakati."

A Yosofati anavalanso magalasi, nawerenga, naganiza.

"Ameneyo ndi mbuzi," anatero. "Musiyeni alankhule za mbuzi."

Chipinda chonse chinaphulika. Mayi wa komiti uja anaimba nthungululu m'chipinda cha aphunzitsi, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo ana amene anali kusesa panja anathamangira pawindo. Ine m'maminitsi ndinalemba chiganizo chimodzi, kuti komiti yagwirizana zosintha mawu amodzi. Anthu ankanong'ona pambuyo pake kuti a Yosofati anali ndi mwana wamkazi amene kalekale anamuthamangitsira ku esiteti ina kutali, ndipo sanabwerenso. Iwo sananenepo, ine sindinafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lolemba lotsatira anabwera ku Fomu 2 ndi jekete yawo ija, naima kutsogolo, nawerengera ana tsamba lomaliza monga linalili, ndi mawu awo a m'tchalitchi aja. Atafika pamene mnzake wa Ndaziona akuchotsa chikwama pa benchi, mawu anawathawa pang'ono, ndiye ananamizira chifuwa.

Sanakhale mabwenzi, musandimve molakwa. Anapitiriza kukangana za yunifolomu, za sewero la pa tsiku lotsekera, za chilichonse. Koma buku lililonse limene Mayi analemba pambuyo pake, la mnyamata wolima fodya wa eni m'malo mopita kusukulu, la mtsikana wolera azing'ono ake yekha, ndi ena aja, linkayamba lapita kwa a Yosofati kuti akalipitemo ndi chofiira. A Yosofati atamwalira, Mayi anakhala m'nyumba ya maliro mpaka tsiku loika, ndipo anauza aliyense wofuna kumva kuti wapita munthu yekhayo amene anawaposa Chichewa.

Mayi atapuma ntchito, ife aphunzitsi a Dowa ndi Ntchisi tinagwirizana kuti tiwathokoze ali moyo, osadikira maliro. Tinabwereka holo pa Mponela. Anabwera akudandaula kuti tikutaya Loweruka labwino, atavala juzi yomwe ija, thumba paphewa. Tinawapatsa satifiketi ya m'galasi ndi chitenje, tinalankhula za mabuku awo amene tsopano ali m'masukulu ambiri a m'mapiri muno, za aphunzitsi amene anawaumba, zonse zoona. Iwo ankangoyang'ana satifiketiyo, ndipo ndikudziwa kuti ankafufuza cholakwika. Kenako woyendetsa mwambo anapempha kuti onse amene anaphunzitsidwa ndi Mayi Kachiwanda aimirire. Holo inadzuka pafupifupi yonse. Anthu anawomba m'manja. Mayi anatambasula dzanja kupempha maikolofoni.

"Khalani pansi nonse. Inu ndimakudziwani, munalibe vuto. Ine ndikufuna ndione aja ndinawalemba ndi pensulo."

Kenako kumbuyo kunaimirira mayi wina wovala zoyera za unamwino. Pambali panaimirira wina amene ndi mphunzitsi ku Ntchisi. Wina wogulitsa tomato pa msika womwewo wa Mponela anaimirira atakweza dzanja ngati ali m'kalasi, n'kufuula kuti iye Fomu 4 anamaliza, amene akukayika apite kwawo akaone pakhoma. Anaimirira ena, apa ndi apo, amayi aakuluakulu tsopano, ena akuseka, ena akupukuta m'maso ndi chitenje. Sindinawawerenge. Ndinkalephera kuona bwino.

Namwino uja anayenda kubwera kutsogolo, akukoka dzanja la chimnyamata chachitali, cha ndevu, chimene chinkachita manyazi. Atafika pamaso pa Mayi anagwada, naloza mnyamatayo.

"Madamu, pakati paja ndi uyu. Ali ku koleji ya uphunzitsi."

Eee! Nthungululu zimene zinalira m'holo muja anazimva ogulitsa chimanga kumsewu. Azibambo olemekezeka, ahedi a masukulu, anakwera pa mabenchi. Mayi Kachiwanda anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kunsapato mpaka kumutu monga anandiyang'anira ine, napisa dzanja m'thumba, namupatsa buku. Anamuuza kuti Loweruka loyamba la mwezi asachedwe. Ine ndinalira poyera, osabisa, ine yemwe ndinati ingomuphani. Ndinayang'ana amayi aja ataimirira ndipo ndinadziwa kuti amene ndinkati ndi wa papepala ndi amenewa.

Chipinda chathu cha Loweruka sichinasinthe. Bolodi ndi lomwe lija losweka pakona, windo limodzi silitsekeka, ndipo mphepo ya kuphiri imalowa mmene ikufunira. Anthu tsopano timadzaza mpaka ena amaima kukhomo. Koma pa benchi ya pafupi ndi windo, kumapeto kwake, pali malo okwana munthu mmodzi wamng'ono thupi, pamene thabwa linasalala ndi kukhalidwa. Palibe amene anapangana ndi mnzake, koma sipakhala munthu. Loweruka lapitali mphunzitsi wina wamkazi, watsopano, amene sanawaonepo, anafika mochedwa n'kulunjika pamenepo. Chipinda chonse chinayankhula limodzi: "Malo amenewo ali ndi mwini wake." Mtsikanayo anadzidzimuka, ife tinaseka, tinamusunthira pena, ndipo wina anayamba kumufotokozera.

Kaundula wa msonkhano ndimasunga ine. Dzina lawo likadali pamwamba, ndipo chofiira sindinachiyandikitsepo. Pamwamba pa malo awo pali msomali, ndipo pa msomalipo ana a m'nyumba mwawo anatisiyira thumba lija. Onse atatuluka ndinatsalira kuti nditseke. Mphepo inali kulowa pawindo, thumba likupepeluka uku ndi uku pakhoma. Ndinalipapasa mpaka pansi. Munalibe buku ngakhale limodzi.